Chifanizo Chokana Kubedwa

Pulani inabadwa Lachisanu masana ku Satwa, mumzinda wa Dubai, m'chipinda chimene munkagona amuna asanu ndi atatu pa mabedi osanjikiza. Asanu anali atatuluka kukasaka maganyu, motero atatu otsalawo anali ndi malo otambasulira miyendo ndi maloto omwe. Pakati pawo panali katoni yogwira ntchito ya tebulo, pamwamba pake makapu atatu apepala. M'makapu awiri munali kachasu wa m'botolo lopanda dzina, wogulitsidwa kuseri kwa matelala. M'kapu yachitatu munali tiyi wa mkaka wotchedwa karaki, chifukwa Taibu, ngakhale anali atatsala pang'ono kukhala mbava, mowa wokha sankaulawa.

Unali mwezi wa Ogasiti, chaka cha korona, ndipo onse atatu ntchito zinali zitawathera.

"Amwene," anayamba Overton, "matendawa anthu akuwatukwana, koma ine ndikuti ndi mdalitso. Chilengedwere dziko, ndi liti pamene boma linalamula mbava kuti zizibisa nkhope? Lero ukapanda kuvala masiki ndiye pamene akukugwira!"

"Amen," anatero Enos.

Overton ankatchedwa Profesa chifukwa cha magalasi amene ankavala ngakhale maso ake analibe vuto, komanso chifukwa bodza lililonse ankaliyamba ndi mawu oti "mwasayansi". Enos, yemwe kale anali mlonda pa sitolo ina yaikulu, dzina lake linali Amen, pakuti ankavomereza aliyense amene walankhula komaliza. Taibu, dalaivala wa ku Namwera wa zaka makumi anayi ndi zitatu, ankamutcha Handibuleki: nkhani ikangoyamba kuthamanga, iye ndiye ankaiimitsa.

"Tsono dilu ndi iyi," anapitiriza Profesa.

Iye anali atakolopa zaka zitatu pa hotela ina ya ku Bur Dubai yotchedwa Bayt Sirima. Siinali hotela ya magalasi ngati zimphona zija zopikisana ndi mitambo. Inali nyumba yakalekale ya amalonda a ngale, ya makoma a miyala ya m'nyanja, zitseko zamatabwa zolemera, ndi nsanja yokolera mphepo padenga. Zipinda zinali zisanu ndi chimodzi basi, zozungulira bwalo limene pakati pake panali mtengo wa nimu. Mwini wake anali Madam Nilanthi, mayi wa ku Sri Lanka, wobadwira mumzinda wa Anuradhapura kumene kuli akachisi akale a chipembedzo cha Buddha. Makolo ake anali ndi nyumba ya alendo pafupi ndi akachisiwo, ndipo zithunzi zawo zinali mbwee m'makoma onse a hotelayi. Pabwalo, m'kabowo kosemedwa m'khoma, munkakhala chifanizo cha Buddha chotalika ngati mkono, chonyezimira.

"Ndinamva ndi makutu angawa akuuza Azungu," anatero Profesa akudzigwira khutu. "Zaka zikwi ziwiri. Golide yekhayekha, aise."

"Chinthu cha golide munthu angachisiye pabwalo ngati mtondo?" anafunsa Taibu.

"Mwayamba a Handibuleki. Mwasayansi, kubisa kwenikweni ndi komweko. Uika poyera, anthu n'kumati n'chachabe."

Anasolola chikwama pansi pa bedi n'kuvundukula chifanizo china, chofanana ndi cha pachithunzi cha mufoni yake ngati mapasa. Anachigula kwa ogulitsa zikumbutso ku msika wa nsalu. Chinali chapulasitiki chopakidwa utoto wa golide, ndipo kuti chilemere anachithira yekha mchenga wa kugombe n'kumata kunsi ndi guluu.

"Timalowa ngati alendo, timagona usiku umodzi ngati mabwana, timasinthitsa, timatuluka. Khalas, yatha! A Handibuleki mukhala mpondamatiki wa fodya wa ku Lilongwe. Amen ndi kalaliki wanu. Ine amandidziwa, ndiye ndikhala dokotala wa bwana, wongobwera kudzamuona: masiki, magalasi akuda, chipewa."

Taibu anayang'ana tiyi wake amene anali atazizira. Kuyambira Epulo, pamene banja limene ankaliyendetsa ku Al Twar linamuuza kuti galimoto siikutulukanso, anali asanamuuze mkazi wake Hanifa kuti ntchito inatha. Ankangodzijambula pafupi ndi magalimoto a eni n'kumatumiza kumudzi. Ziphaso zake zinali zitatsala mwezi kuti zithe, ndipo mwana wake Zahra ankakwatiwa mu Disembala. Kubwerera ku Namwera ndi manja lendelende patatha zaka zisanu ndi chimodzi, chimenecho n'chimene ankachiopa.

"Usiku umodzi?" anafunsa.

"Umodzi wokha, habibi."

"Amen," anatero Enos.

Lolemba m'mawa, mpondamatiki wa fodya anafika pa Bayt Sirima atavala jekete yobwereka kwa telala, imene manja ake ankalekezera pamwamba pa mawotchi. Kumbuyo kwake kunali kalaliki atasenza sutikesi pamutu, ngakhale inali ya matayala. Madam Nilanthi anali mayi wamfupi wa imvi zochepa, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa khanda. Anawapopera sanitayiza, kuwayeza kutentha pachipumi, n'kupempha ziphaso. Taibu ndi Enos anapereka zawo zenizeni, za mayina awo enieni, popeza mfundo imeneyi Profesa anali ataiwala kuiganizira mwasayansi.

"Mwatilemekeza, Bambo Taibu," anatero Madam. "Chiyambireni korona ndalandira alendo atatu okha. Kodi fodya akuyenda bwino kwanu?"

"Akuyenda," anayankha Taibu. "Pagalimoto."

Chipinda chawo chinali ndi bedi lalikulu ngati bwalo la mpira, denga la mitengo yakuda, ndi bafa losambiramo chogona. Enos analigwira bedilo ndi chala kaye, ngati lingamulume. Pakhoma panali chithunzi cha kachisi woyera, wozungulira ngati dzira lalikulu lokwiriridwa theka m'nthaka, anthu ovala zoyera akuyenda momuzungulira ndi maluwa m'manja. Taibu anachiyang'ana kanthawi, kenako anatembenukira kwina.

Dokotala anafika masana, atadzikulunga ngati wodwala ndi iyeyo. Analonjera Madam ndi mawu onenepetsa dala, n'kudutsa mwachangu.

Ntchito yeniyeni siinatenge ngakhale mphindi zitatu. Itakwana thuu koloko, dzuwa litathamangitsira aliyense m'zipinda, Enos anaima pakhomo la kukhitchini ngati mlonda, ntchito yokhayo imene ankaidziwa. Taibu anatsegula nyuzipepala ya Chiarabu pansi pa nimu, ataigwira chadodolido. Profesa anatulutsa chapulasitiki m'thawulo, kuchiika m'kabowo, n'kukulunga chenicheni. Atabwerera m'chipinda anachigoneka m'sutikesi, kupsompsona zala zake, n'kuitanitsa mpunga wa biriyani mbale zitatu.

"Mbiri ya dziko idzatikumbukira," anatero akunyambita fupa.

Mbiri siinachedwe. M'mawa mwake, akutsika masitepe ndi sutikesi yawo, anapeza pakhomo lalikulu anthu awiri ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, akumata chikalata pachitseko. Wophika wa hotelayo anali atapezeka ndi korona ndipo ambulansi inali itamutenga kale. Aliyense amene anagona m'nyumbamo, anatero a zaumoyo, akhala momwemo masiku khumi ndi anayi. Wotuluka akakumana ndi apolisi.

"Koma ife tili ndi ndege," anatero Profesa.

"Ndege zilipo zambiri, baba," anayankha mmodzi wa ovala zoyerawo. "Yalla, tiyeni m'chipinda."

Madam anapinda manja pachifuwa. "Pepani kwambiri, alendo anga. Masiku amenewa mukhala ngati abale, sindikulipiritsani kanthu. Ndipo taonani mwayi wathu: dokotala sanapite dzulo! Dokotala, muzitiyeza m'mawa uliwonse."

Kuyambira tsikulo Profesa ankazungulira zipinda ndi kamakina koyezera, atavala magalasi akuda m'nyumba, akulozetsa pachipumi cha banja la Azungu okalamba ndi mnyamata wina wa ku Kerala wogulitsa matayala, n'kumalengeza kuti, "Mwasayansi, muli moyo." Akamaliza ankalowa m'bafa lija n'kumira m'thovu ola lathunthu. Masana, akakhuta, ankagona ngati chipika mpaka dzuwa litapendeka.

Taibu yekha ndiye mtima sunkakhazikika. Wophika atachoka, Madam ankachita zonse yekha: kuphika, kuchapa, kusenza mabotolo a madzi kukwera nawo masitepe. Tsiku lachitatu Taibu anamuona atakhala pasitepe akupuma movutikira, ndipo asanaganize, mpondamatiki wa fodya anali atavula jekete n'kusenza mabotolowo. Tsiku lachinayi anatsuka mbale. Tsiku lachisanu anakonza mpope umene unkadontha kukhitchini.

"Anthu olemera a kwanu ndi odzichepetsa," anatero Madam.

"Ndi chikhalidwe," anayankha Taibu, maso ali m'sinki.

Madzulo a tsikulo anamupeza Madam pabwalo akuika maluwa oyera patsogolo pa chifanizo chija n'kuyatsa kanyali ka mafuta. Taibu anafuna kubwerera, koma Madam anamukodola kuti akhale pabenchi, patali pang'ono monga mwa lamulo.

"Inu mumapemphera kasanu pa tsiku, ndimakumvani," anatero. "Ine ndimangokhala pano kamodzi. Chifanizochi chinali cha amayi anga, a Sirima."

"Ndinamva kuti n'chakale kwambiri," anatero Taibu. "Zaka zikwi ziwiri."

Madam anaseka mpaka masiki inagwedezeka. "Akachisi ndiwo a zaka zikwi ziwiri! Ichi amayi anachigula pa kabenchi ka malonda kunja kwa geti la kachisi, ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. N'chamkuwa wamba. Tsiku lomwelo ndinachigwetsa pamasitepe a nyumba yathu ya alendo, khutu lakumanzere linapindika. Ndinalira poganiza kuti andimenya. Iwo anangoti, 'Tsopano ndi chathu, palibe wina ali ndi chotere.'"

Anakonza maluwa aja.

"Anamwalira mu Meyi. Ndege zinali zitaimitsidwa. Maliro ndinaonera pafoni, Bambo Taibu, nditakhala pabenchi mwakhalapo. Mchimwene wanga ananyamula foni m'mwamba, koma netiweki inkangodukaduka. Cha amayi chimene ndili nacho kuno n'chimenechi basi."

Taibu anayang'ana m'kabowo. Makutu onse awiri a chifanizocho anali owongoka bwinobwino, apulasitiki.

"Maso anga akalamba," anatero Madam, akumuyang'ana iyeyo osati chifanizo. "Masiku ano khutu lija sindikuliona bwino."

Tsiku lotsatira, thuu koloko itakwana ndipo Profesa atayamba kuliza mkonono, Enos naye atafunda kumutu, Taibu anatsegula sutikesi mwakachetechete. Anatsika ndi chifanizo cha khutu lopindika, kuchibwezera m'kabowo, n'kukwera ndi chapulasitiki kukachigoneka m'thawulo kuti Profesa akasuzumira asapeze sutikesi yopanda kanthu. Sanauze munthu. Anati nkhaniyo adzaiulula akadzatuluka, kapena sadzaiulula n'komwe. Tsikulo anadya mbale yake yonse kwa nthawi yoyamba.

Chimene Taibu sankadziwa n'chakuti Enos naye chikumbumtima chinali chikumudya. Chiyambire kugona chipinda chimodzi ndi sutikesiyo ankalota akuthamangitsidwa ndi njovu, ndipo kakhosi kankamuyabwa. Anatsimikiza kuti ndi chilango. Choncho m'mawa mwake, Profesa ali m'thovu ndipo Taibu ali kukhitchini, Enos anatenga chimene chinali m'sutikesi, n'kuchilemba kamtanda kunsi ndi bolopeni kuti mphamvu zake zithe. Anatsika nacho atatseka diso limodzi, pakuti sankafuna kuyang'anizana nacho, n'kuchisinthitsa ndi cha m'kabowo. Anabwerera akuimba nyimbo ya kwaya chamumtima. Munthu wa Mulunguyu anali atangoba kumene chifanizo chenicheni kachiwiri.

Masana Taibu anadutsa pabwalo ndi tsache, n'kuima chilili. Makutu owongoka! Anaganiza kuti Profesa watulukira chinyengo chake ndipo wangokhala chete mwaukathyali. Anadikira mkonono, n'kusinthitsanso.

M'mawa Enos anasuzumira m'sutikesi kuti aone ngati mtendere ulipo. Anatembenuza chifanizocho. Kamtanda kake kanali pomwepo.

"Chabwerera chokha," ananong'ona. "Yehova, chabwerera chokha!"

Anasala chakudya cham'mawa, n'kukachibwezanso.

Zinayenda chomwecho sabata yathunthu. M'mawa Amen ankabweza, masana Handibuleki ankabweza, ndipo aliyense ankafafaniza ntchito yabwino ya mnzake. Taibu anayamba kumuyang'ana Profesa ndi mantha osakanikirana ndi ulemu: munthu wotani uyu, wosatchula kanthu, wongodya biriyani n'kumamwetulira? Enos anaonda, maso analowa m'kati, ndipo anasiya kunena amen. Profesa yekha ndiye ananenepa mpaka batani la thalauza linathothoka.

"Anyamata inu mulibe mtima wa bizinesi," ankatero. "Taonani ine. Phee!"

Tsiku lakhumi ndi chinayi a zaumoyo anabwera m'mamawa, kuwayeza onse, n'kuchotsa chikalata pachitseko. Enos sanapeze mpata wotsika ndi katundu wake, moti m'sutikesi munali chimene Taibu anaikamo dzulo lake. Madam anawaperekeza mpaka pakhomo n'kuwapatsa aliyense kaphukusi ka tiyi wa kwawo.

"Mudzabwerenso," anatero. "Nanunso, dokotala."

Anawoloka khwawa la Dubai pa bwato la abra kupita ku Deira, ku msika wa golide. Profesa anakhala kutsogolo atakumbatira sutikesi, akuloza nyumba zazitali ngati akusankha yoti agule. Taibu anatsegula pakamwa kawiri kuti aulule, kawiri konse anatseka. Anaganiza kuti wosula golide akanena kuti n'chabodza, nkhani ithera pomwepo, aliyense azipita kwawo.

Wosulayo anali mkulu wa ndevu zoyera, m'kasitolo ka m'kanjira kopapatiza. Anachinyamula, kuchigogoda ndi chikhadabo, n'kuchipala pang'ono ndi tupa. Utoto unakanganuka. Anachitembenuza n'kubaya kunsi, ndipo mchenga unakhuthukira pagalasi la kauntala, waa, pamodzi ndi kachigoba ka nkhono.

"Bhai," anatero mkuluyo, "golide ameneyu mutengereni kugombe kumene munamutola. Ndipo mundisesere."

Enos anaona kamtanda kake kunsi kuja n'kukhala pansi mwadzidzidzi, akutchula mayina a aneneri. Taibu anapumira m'mwamba. Apa munthu aliyense wa mutu umodzi akanazindikira mchenga umene anathira yekha ndi manja ake. Koma Profesa anali ndi mutu wa sayansi.

"Mwaona?" anakuwa. "Mwaona mayi uja? Nayenso amathira mchenga! Zaka zitatu ndikupukuta pulasitiki, iye akunamiza Azungu kuti zaka zikwi ziwiri! Mbava yeniyeni ndi imeneyo! Masiku anga khumi ndi anayi!"

"Profesa, tiyeni kunyumba," anatero Taibu. "Ndikufotokozerani."

"A Handibuleki, lero simundiimitsa. Mayi ameneyu apepese. Dziko lino lili ndi malamulo!"

Anatuluka ali chimkwiyire, chifanizo chili m'khwapa chikudontha mchenga. Taibu anamuthamangira mpaka padoko, kumugwira malaya m'bwato, kumunong'oneza kuti chenicheni anachibweza ndi iye. Profesa sanamve n'komwe. Ankayeseza mawu a Chingerezi oti akanene. Enos ankatsatira pambuyo ndi sutikesi pamutu, poti sankadziwa kwina kopita.

Profesa anakankha chitseko cha Bayt Sirima, kukokera masiki kuchibwano, kuvula magalasi, n'kuchimenyetsa chifanizocho patebulo la alendo.

"Madam! Ichi n'chiyani?"

"Overton," anatero Madam mosadabwa. "Wanenepa."

"Musandisinthire nkhani! Chifanizo chanu n'chabodza! Pulasitiki ndi mchenga! Mulibe manyazi?"

"Wadziwa bwanji kuti n'chabodza?" Funsoli silinachokere kwa Madam. Linachokera pakona, kuseri kwa chitseko, pamene wapolisi wa m'deralo, amene anapatuka kudzamuona Madam hotela itatsegulidwa, anakhala ndi kapu ya tiyi pabondo. Profesa sanacheuke.

"Tadziwa bwanji? Tachitenga ife tomwe m'khomamo, tapita nacho ku Deira, achipala ife tikuona!"

Kenako anacheuka.

Wapolisiyo anamaliza tiyi wake kaye, pang'onopang'ono, n'kuika kapu pambale.

Kupolisi, Madam anapereka zimene kamera yobisika m'nthambi za nimu inajambula. Mkulu wa apolisi anayamba kuonera yekha, kenako anaitana mnzake, mnzakeyo anaitana ena, mpaka ofesi inadzaza. Pakanema panaoneka dokotala akusinthitsa. Kenako Taibu, akunyang'ama. Kenako Enos, diso limodzi lotseka. Taibu. Enos. Taibu. Enos akugwada kaye. Taibu akuyang'ana kumwamba ngati akufunsa kuti walakwanji. Wapolisi wina anatuluka panja atagwira pamimba.

Taibu ndi Enos anayang'anizana.

"Unali iwe?" anatero Taibu.

"Ndimabweza, akulu!"

"Umabweza chiyani? Ndinali nditabweza kale!"

Mkulu wa apolisi anapukuta misozi n'kuwerenga pa pepala lake. "Overton, waba kamodzi. Taibu, wathandiza kuba kamodzi, wabweza kasanu ndi katatu. Enos, waba kasanu ndi kawiri."

"Bwana, ine ndimabweza!"

"Chimene unkatsika nacho n'chapulasitiki. Chimene unkakwera nacho n'cha mayiwa. Kwanu kumeneko mumakutcha kubweza?" Anatembenukira kwa Madam. "Nanga inu, mayi, munaona zonsezi osatiimbira?"

"Tsiku loyamba ndinagwira foni," anatero Madam. "Koma akanapita nacho kuti, chitseko chili chomata? Ndinati ndidikire, mwina wina mwa iwo ali ndi mayi. Kuyambira tsiku lachisanu ndi chimodzi, madzulo aliwonse ndikamayatsa nyali khutu lopindika linali pamalo pake. Ndikanadandaula chiyani? Komanso, bwana, munthu wotsekeredwa masabata awiri amafuna choonera."

Anapempha kuti awakhululukire, makamaka amene anamukonzera mpope. Mkuluyo anati mawu akewo alembedwa, koma mlandu woulula wokha pamaso pa wapolisi sungabwezedwe m'kabowo ngati chifanizo. Patapita milungu, khoti linapatsa Profesa miyezi isanu ndi umodzi, Enos itatu, ndipo Taibu, chifukwa cha umboni wa Madam, anangomukweza ndege. Atafika ku Namwera anamufotokozera Hanifa zonse, kuyambira Epulo. Hanifa anamvetsera osaphethira, kenako anati, "Kasanu ndi katatu? Inu amene khasu la achimwene munabwereka musanapite ku Dubai lili kuseri mpaka lero?"

Koma mawu amene anthu a ku Satwa amawabwerezabe ananenedwa tsiku lomwe lija, m'galimoto ya apolisi, atatuwo atakhala mondondozana, maunyolo ali m'manja.  Atayandikira geti la ndende, Profesa anapukusa mutu mwachisoni.

"Pulani inalibe vuto, amwene," anatero. "Kulakwa kwanga n'kumodzi. Dubai yense uyu, mbava zili mbwee, ine kukalemba ntchito anthu oona mtima."